Ba Sakala, Mudala Wosakhulupirira Khomo la Wina

Pa maliro a ba Yotamu Sakala m'busa ananena kuti malemuwo anali munthu woleza mtima, ndipo ine ndinatsokomola mpaka mayi wina wa chigwirizano anandipatsa madzi. Sichinali chifuwa. Ndinkayesa kumeza mawu amene akanatuluka akanandichotsa pamanda ndi mbama. M'busayo ndi watsopano kuno ku Chalimbana. Anawadziwa ba Sakala ali kale pabedi, pakamwa patafooka. Ife amene tinawadziwa pakamwa pali bwinobwino tinangoyang'anizana, kenako aliyense n'kuyang'ana nsapato zake.

Ine ndimagulitsa mafoni akale, machaja ndi marauta a intaneti pa msika wa Chongwe, ndipo luso langa lenileni ndi kunenerera. Ndinanenererapo bokosi la maliro mpaka kalipentala anandifunsa ngati womwalirayo angalole kupinda miyendo. Munthu mmodzi yekha amene sindinamutsitsepo ngakhale pang'ono ndi ba Sakala. Anandigwetsera bizinesi, sanapepese, n'kumwalira asanapepesebe. Amene akufuna mbiri yotsekemera apite kwa m'busa uja.

Dzina langa ndine Dalitso, koma iwo sanalitchulepo. Kwa iwo ndinali Kaponya, ngati anyamata aja oitanira mabasi pa siteshoni. Ife kumbali tinkawatchula kuti Mudala. Anali wamtali, wouma ngati phesi, magalasi omangidwa ndi kawaya ka kopa, jekete m'nyengo iliyonse. Kwawo kunali ku Katete, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri m'chipinda cha makompyuta cha kampani ina ku Lusaka, nthawi imene kompyuta inali yaikulu ngati wadiropu. Atapuma anagula puloti kuseri kwa minda ya ku Chalimbana, namanga nyumba, naika thanki ya madzi pa nsanja yachitsulo yaitali, nayamba kuweta abakha oluma ngati mwini wawo. Chinyanja cha m'tauni ankachimva koma ankanyansidwa nacho. Iwo ankalankhula cha m'Baibulo, moti akamakutukwana unkamva ngati wakwiyitsa mneneri.

Mudala sankakhulupirira khomo lotsegulidwa ndi munthu wina. Apa sindikuphiphiritsa. Mu minibasi ankakhala pafupi ndi chitseko n'kumalimbana ndi kondakitala kuti atseke okha. Ku tchalitchi ankafika anthu asanafike n'kuchoka onse atachoka, osati chifukwa cha Mzimu, koma kuti aone ndi maso awo loko atakhomedwa. Mkaka ankakautenga okha ku Palabana pa njinga, miyendo ikulira, chifukwa ankati wogulitsa mkaka aliyense ali ndi msuweni wake wotchedwa chitsime. Chiphunzitso chawo chachikulu chinali chakuti ukatuma munthu wamubwereka miyendo, ndipo miyendo yobwereka imakhotera ku bala, kumowa. Chinanso chimene ankabwereza mpaka abakha anachiloweza n'chakuti wotsegula ndiye atseke. Komiti ya tchalitchi inawapatsa udindo woyang'anira zokuzira mawu, koma sizinatenge nthawi, chifukwa ankazimitsa maikolofoni ya aliyense amene wayamba kubwereza mfundo, kuphatikizapo mlaliki wa alendo.

Zaka zawo zomaliza ine ndinazithera pansi pa thanki yawo, chifukwa chitsulo changa cha wayifayi chinali chomangidwa pamwamba pa nsanjayo. Aliyense wodutsa ankaganiza kuti ndife bambo ndi mwana. Wina anafika pondiuza kuti ndili ndi mwayi kukhala ndi mkulu wondiphunzitsa. Ndinamufunsa ngati mbuzi yomangidwa pa chikhomo imakhala ikuphunzira za chikhomo. Kuti mumvetse mmene ndinafikira pa chikhomocho, muyenera kudziwa za denga la amai Daka.

Amai Daka ali ndi nyumba zogona ana a payunivesite, mizere ya zipinda zodzaza ngati zisa za njuchi. Ndinawanyengerera mpaka analola kuti ndiike chitsulo cha wayifayi pa malata awo, ndizigulitsa kwa anawo mavocha olowera pa intaneti. Panalibe malo abwino kuposa amenewo m'dera lonse. Makasitomala ankagona pansi pa chitsulo changa, kudzuka pansi pa chitsulo changa. Ndinagula kabokosi, kakompyuta kakang'ono kolandira mamodemu awiri, iliyonse ndi simu ya kampani yake ya mafoni, chifukwa kuno magetsi akathima nsanja za netiweki zimafa mosinthana. Nzeru yanga inali yakuti simu iyi ikafa, inayo inyamule katundu. Nzeruyo inali yabwino pakamwa. M'bokosi inkakana. Anthu anandilozera kwa Mudala.

Ndinawapeza akudyetsa abakha. Sanandipatse mpando.

"Muli shani, ba Sakala? Nabwela na ka nchito kang'ono chabe."

"Ntchito yaing'ono ikanakhala yaing'ono ukanaigwira wekha. Ika pansi. Osati pamenepo, pali ndowe. Wagula kuti chinthu ichi?"

"Ku tauni, pa mutengo wabwino maningi."

"Ndikuona. Ndi nkhope yako yomwe ndi ya mtengo wabwino."

Anakhala nalo bokosilo masiku angapo, kenako anandiitana kuti andifotokozere, osati chifukwa ankafuna kuti ndimve, koma chifukwa abakha sankagwedeza mutu. Zimene ndinatola ndi izi. Munthu ukalemba dzina la tsamba pa foni, foniyo siidziwa kumene dzinalo limakhala. Imayamba yafunsa seva ya maina, imene akatswiri amaitcha DNS, ndipo sevayo imayankha ndi nambala ya kumene tsambalo lili. M'bokosi mwathu munali laibulale, pulogalamu yaulere yolembedwa kale ndi anthu akutali, imene ntchito yake inali kufunsa mafunso amenewa m'malo mwa ana onse a amai Daka. Kuti funso lituluke, laibulale imapempha sisitemu ya bokosi kuti iitsegulire soketi, ndiye kuti kakhomo kotulukira ku netiweki. Tsono seva ya kampani iliyonse ya mafoni imayankha anthu ake okha. Sisitemu sinkasamala zimenezo. Inkatulutsira mafunso onse pa simu imodzi imene yaikonda, ndipo funso lopita ku seva ya kampani iyi likatulukira pa simu ya kampani inayo, linkangofera m'njira ngati mlendo wolankhula chinenero china.

Munthu wina akanapeza njira yofatsa. Mudala anapeza njira yofanana ndi mtima wawo. Anaona kuti laibulaleyo imalola kuti uiuze isiye kupempha sisitemu mwachindunji, iziitana timapulogalamu tako, timene iwo ankati makolubaki. Ikafuna kutsegula soketi iitane kako, ikafuna kulumikiza iitane kako, kutumiza, kulandira, ngakhale kutseka, zonse zidzere m'manja mwako. Analemba tonse okha. Timapulogalamu tawoto tinkapitabe kwa sisitemu, koma tikatsegula soketi tinkaimangirira ku simu yake yoyenera, funso lililonse lituluke pa khomo la kwawo. Tsiku limene zinayenda ndinawaona akumwetulira koyamba, ndipo sikunali kumwetulira kokongola.

"Waona, Kaponya? Kuyambira lero palibe khomo lotseguka m'bokosi muno popanda ine. Ndipo chonsechi chapachikika pa mzere umodzi. Mzere uwu ndiwo umauza laibulale kuti mwini nyumba wasintha. Ukauchotsa, yabwerera kwa sisitemu, kwa anthu osadziwika."

Mawu amenewo ndinawasunga. Wonenerera amasunga chilichonse chimene wogulitsa wanena ali wokondwa.

Anaika pasiwedi yawo m'bokosi, ndipo kabati imene munali bokosilo, pakhonde la amai Daka, anaikhoma ndi loko wawo. Anandisiyira chingwe cha magetsi chokha chotulukira kunja. Ndinadandaula kuti bokosi ndi langa. Anandiyankha kuti ngakhale mwana ndi wa mayi wake, koma opaleshoni sachita mayi.

Nyengo ya mvula zinayenda bwino, ndinanenepa. Chilimwe chitafika, kuthima kwa magetsi kutakula, bokosi linayamba matenda. Linkangouma. Magetsi ake akuyaka, mamodemu akuphethira, koma palibe tsamba lotseguka pa foni ya aliyense. Ukazula chingwe n'kulumikizanso, linkadzuka ngati palibe chachitika, kenako n'kuumanso nthawi imene lafuna. Mudala anaweruza mlanduwo asanaumve. Anati ndi mamodemu anga a m'zinyalala. Ndinakagula atsopano a m'sitolo ya mazenera a galasi, osanenerera n'komwe, chinthu chimene mpaka lero achibale anga sadziwa. Bokosi linaumabe. Anati ndiye kuti ndi dzuwa. Ndinaika kafani. Linaumabe. Anati ndi ana a masiku ano, amaonera zinthu zolemetsa netiweki ndi mzimu womwe.

Amai Daka si munthu wa mawu ambiri. Anandiimitsa pa geti, chitenje atachimanga pamwamba pa mimba, chizindikiro chakuti nkhani si ya moni.

"Ba Dalitso, bana banilemesa na madandaulo. Mwana wa mulongo wanga ali na ka mbale kaja ka intaneti ya kumwamba, anipempha malata yanga kudala. Nakana chifukwa cha imwe. Manje mvelani. Pa Chisanu ni siku yosiliza kulembesa mayeso pa intaneti. Ikafa siku ija, chisulo chanu chiseluka. Sinizakamba futi."

Ndinathamangira kwa Mudala ndi uthengawo. Anali kupopa njinga. Anati munthu amene amalembetsa mayeso tsiku lomaliza walephera kale, ndipo netiweki isamunamiziridwe.

Lachisanu linafika ndi dzuwa loboola chipewa. Magetsi anathima m'mawa, bokosi likuyendera batire, ndipo ana asanamalize n'kusamba komwe linauma. Ndinazula chingwe, linadzuka, ana angapo analowa, linaumanso. Bwalo linadzaza. Aliyense foni m'mwamba ngati akupereka nsembe. Mudala anafika pa njinga, anaikhoma matayala onse awiri, anatsegula kabati, analumikiza laputopu yawo yakale, nakhala pa ndowa yovundikira n'kumayang'ana zilembo zoyera pa galasi lakuda. Ndinawapatsa nthawi. Kenako ndinagwada pambali pawo ndi mawu anga ofewa aja amene ndimatsitsira nawo mitengo.

"Ba Sakala, mukumbuka ka mzere kaja? Chosaniko lelo chabe. Tichose simu imozi, isale yamene ili na moyo, sisitemu izisegulila yeka monga kudala. Na simu imozi kulibe kusokoneza makomo. Mailo mubwezepo."

"Ayi."

"Mpaka masana chabe. Bana bakalembesa, basi."

"Ukufuna ndipereke nyumba yanga kwa alendo mpaka masana."

"Si nyumba, mudala, ni ka bokosi! Olo ola imozi. Ola imozi, ine nizaimilila apa na wochi."

"Wotchi yako inagulidwa kumene kunagulidwa mamodemu."

"Nizamutengelani mukaka ku Palabana mwezi onse, na njinga yanga."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Wa madzi?"

Ana anaseka, ngakhale amene misozi inali pafupi. Mtsikana wina wa kumbuyo anakuwa ngati akudzudzula agogo ake kuti, "Ba shikulu, ise tifuna chabe kulembesa, vamakomo vanu mukakambe ku nyumba!" Mudala sanatembenuke. Ndinayesa njira zonse za pamsika. Ndinawatamanda kuti m'chigawo chonse mulibe mutu ngati wawo. Anavomera. Ndinanyamuka ngati ndikupita, monga amachitira wogula kuti aitanidwe. Sanandiitane, ndinabwerera ndekha, ana akuona. Ndinawaopseza kuti ndithyola kabati ndi kutenga bokosi langa. Anati nditenge, ndikalifunse pasiwedi mwaulemu mwina lindiuza. Potsiriza ndinawauza zoona zokhazokha, chinthu chimene wonenerera amasungira pa mapeto penipeni. Ndinati denga ili ndilo chakudya cha ana anga, ndipo likapita sindidzapezanso lina lotere.

Apa anasiya kulemba, ndipo ndinaganiza kuti ndawapeza. Anavula magalasi, anawapukuta ndi jekete.

"Kaponya, mvera. Ndikachotsa mzere uwu zinthu n'kuyenda, aliyense pabwalo pano adzanena kuti cholakwa chinali m'makomo anga. Ndipo m'makomo anga mulibe cholakwa. Sindingagule bodza ndi ola limodzi."

"Nanga ngati muli cholakwa?"

"Ndiye ndidzachipeza ine, osati sisitemu."

Tsiku lonselo ndinakhala pa chingwe. Wina akakuwa kuti yafa, ndizule, ndilumikize, tidikire lidzuke, awiri atatu alowe, liumenso. Kolubaki weniweni ndinali ine, woitanidwa ndi aliyense. Dzuwa litapendeka ana anataya mtima. Ena anakwera minibasi kupita ku Chongwe kukafuna netiweki, ena anakwera pa chulu cha kumunda ndi mabandulo a intaneti obwereka. Analembetsa ambiri, koma osati ndi chitsulo changa. Amai Daka anabwera atanyamula sipanala ya malemu amuna awo, nandipatsa m'manja ngati mphatso.

"Selusani mweka, ba Dalitso. Nikatuma banyamata bazapwanya malata."

Ndinakwera, ndinamasula. Ndili pamwamba ndinaona Mudala akumasula maloko a njinga yawo mosafulumira, bokosi langa atalimanga pa kaliyala. Sanayang'ane m'mwamba.

Panapita masiku ndisanawaone, ndipo ndinkasinthira njira kuti ndisadutse kwawo, chifukwa ndinkaopa zimene manja anga angachite kwa munthu wa msinkhu wa bambo anga. Kenako anafika okha pa tebulo langa pamsika, chifukwa kutuma munthu sakanatha. Anati ndiwatsatire. Kunyumba kwawo bokosi linali pa tebulo la pakhonde, laputopu pambali. Anayamba ulaliki.

Anati laibulale ikamatsegula soketi kudzera kwa sisitemu, imaikonza yokha kuti ikhale yosadikira. Ndiye kuti ikasuzumira pakhomo n'kupeza palibe yankho, imabwerera nthawi yomweyo kukagwira zina, ndipo nthawi ikatha imakafunsa ku seva inayo. Koma ukaipatsa makolubaki ako, imasiya kukonza chilichonse, poganiza kuti mwini makomo akudziwa zimene akuchita. Soketi za Mudala zinkatseguka zili zodikira. Pamene ankayesa okha kunyumba, funso limodzi yankho limodzi, palibe chinkaoneka. Ngakhale pa ana ambiri, malinga netiweki ili moyo, mayankho ankabwera motsatana ndipo kudikirako kunali kwa kaphindi. Koma nsanja ya netiweki ikafa mafunso ali m'njira, laibulale inkalandira yankho lomaliza, n'kusuzumiranso kufuna lotsatira, n'kuima pakhomopo mpaka kalekale, kudikira yankho limene silidzabwera, simu inayo ili moyo pambali pake osafunsidwa. Zonsezi, anati, zinalembedwa m'malangizo a laibulaleyo, koma m'kachiganizo kamodzi kobisika pansi, ndipo anthu olemba chenjezo lotere m'zilembo zazing'ono ayenera kukwapulidwa pabwalo.

Ndinadikira kuti amalize. Kenako ndinafunsa pang'onopang'ono, ngati ndikuwerengera kasitomala chenji.

"So vuto inali mu makomo yanu."

"Ndati laibulale inasamba m'manja ngati Pilato."

"Koma amene anaibala kuika ka kosadikila ni ndani?"

"Ndakonza. Mawu ochepa pa kutsegula. Silidzaumanso."

"Sembe munachosa ka mzere kaja, sembe chisulo changa chikali pa malata?"

Anayang'ana abakha.

"Na mamodemu yanga yanalibe mulandu?"

"Mamodemu ako ndi zinyalala ngakhale alibe mlandu."

Ndinaimirira kuti ndizipita, ndipo ulendo uno sikunali kunamizira kwa pamsika. Ndili pa geti anandiitana, osakweza mawu, akuloza nsanja ya thanki ndi chibwano. Anati ndi yaitali kuposa denga la mayi uja, ndipo chitsulo changa chikuchita dzimbiri pachabe. Ndibwere nacho mawa, ndi mabawuti anga, chifukwa awo sapereka.

Anthu a mtima wabwino amati kumeneko kunali kupepesa. Ine ndimadziwa kupepesa, ndimakuchita tsiku lililonse foni ikabwezedwa. Kumeneko kunali kugula munthu pa mtengo wotsika, ndipo ndikuvula chipewa chifukwa ndi ntchito yanga. Ndinalibe denga lina. Puloti yawo inali kutali ndi zipinda za ana, moti makasitomala anga anasanduka a m'nyumba zoyandikana, aphunzitsi angapo, ndi ana amene ankayenda wapansi kudzakhala m'mphepete mwa mpanda chifukwa mavocha anga anali otsika kuposa mbale ya mphwake wa amai Daka. Mimba yanga inabwerera kumene inachokera. Ndipo panali malamulo. Geti atsegule okha. Pa nsanja ndikwere iwo akuyang'ana. Bokosi ndisalikhudze, ngakhale kulipukuta fumbi. Dzina la wayifayi analisintha osandifunsa, analitcha OSAKHUDZA, moti kasitomala watsopano aliyense ndinkayamba kumufotokozera kuti akhoza kukhudza.

Ana a m'mphepete mwa mpanda ankawathamangitsa m'mawa, masana n'kuwatulutsira benchi, ati kuti asamuthyolere maluwa, ngakhale maluwawo anali atauma kale mkazi wawo atamwalira. Mwana akadandaula kuti netiweki ikuchedwa, ankamufunsa zimene akuwerenga, n'kumuuza kuti maphunziro amenewo ndi opanda ntchito. Wina wa zamakompyuta akalakwitsa n'kufunsa za bokosi, ankamugwira mpaka dzuwa kulowa, kumufotokozera za makolubaki, za soketi yodikira ndi yosadikira, ngati nkhani ya nkhondo imene anapambana. M'nkhani imeneyo munalibe denga la amai Daka. Ine ndikatsokomola ankati Kaponya ali ndi chifuwa cha anthu a pamsika.

Chimene chimandiwawa kulemba ndi ichi: bokosilo silinaumenso. Magetsi athime, nsanja zife mosinthana, mvula igwe ya matalala, funso lililonse linkatuluka pa khomo lake, ndipo likapanda kuyankhidwa laibulale inkatembenukira ku simu inayo munthu osazindikira. Ndinkalakalaka litauma kamodzi kokha, kuti ndiwayang'ane. Silinandipatse mwayiwo. Linali la mwini wake.

Pasiwedi ndinaipempha chaka ndi chaka. Ndinayesa pa Khirisimasi, ndinayesa atadwala malungo, ndinayesa nditawagulira matayala a njinga, amene analandira n'kunena kuti ndi opyapyala. Yankho linali lomwelo, lakuti munthu ngati ine ndikatsegula sindidzatseka. Matenda omaliza atawagoneka, mwana wawo ba Esnati atabwera kuchokera ku Lusaka kudzawasamala, ndinalowa m'chipinda chipewa m'manja. Anali atachepa ngati mwana. Ndinawapatsa moni, ndinafunsa za thupi, ndinadikira nthawi yoyenera, kenako ndinanong'ona.

"Ba Sakala, ka pasiwedi kaja. Olo munong'oneze ba Esnati chabe, basunge."

Anatsegula diso limodzi.

"Kaponya, ndadwala m'thupi. M'mutu muli bwino. Potuluka usatseke chitseko, umachimenyetsa. Esnati, dzanditsamize nditseke ndekha."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandilankhula. M'busa akanakhalapo mwina akanapezamo phunziro.

Maliro atatha, ba Esnati anandiitanira pambali. Ndi mayi waulemu, sanatengere bambo ake, mwina anatengera a kuchikazi. Anati puloti yagulidwa ndi banja lina la ogwira ntchito m'boma, akufuna kugwetsa zonse amange nyumba yawo, ndipo thanki ndi nsanja zagulidwa padera ndi mlimi wa ku Nkomeshya. Ndinayesa kunenerera, mwachizolowezi, kuti nsanja itsale mpaka mvula. Anandiyang'ana ndi chisoni chenicheni, ndipo ndinazindikira kuti m'banja limenelo sindidzapambanamo. Anandipatsa bokosi atalikulunga m'jekete la bambo ake. Loko wa kabati imene Mudala ankalikhomeramo anachita kudula ndi sowo, chifukwa kiyi sanapezeke, ndipo ine ndikukhulupirira kuti Mudala anapita naye kumanda.

Bokosilo lili pansi pa tebulo langa pamsika. Mnyamata wina wodziwa makompyuta anandiuza kuti akhoza kufufuta zonse n'kuikamo zatsopano, koma makolubaki a Mudala apita limodzi ndi pasiwedi. Ndinamuuza kuti ndikuganiza. Anthu akandifunsa ndimati ndikudikira mtengo wabwino.

Sabata yatha ndinadutsa kumeneko pochokera ku Palabana. Geti palibe, analizula ndi mafelemu ake, moti mbuzi za anthu zimangolowa ndi kutuluka, chinthu chimene chikanawapha kachiwiri. Abakha anadyedwa pa maliro, ndipo anali olimba. Nyumba ilibe denga, njerwa zatsopano zaunjikidwa pamene panali khonde. Benchi ya ana ili chagada mu udzu. Pamene panali nsanja patsala simenti ya makona anayi ndi mabawuti odulidwa, akuyamba kale dzimbiri, ndipo pakati pake pamera bonongwe wothiriridwa ndi madzi otsiriza a m'thanki. M'mphepete mwa mpanda udzu sunamerebe pamalo pamene ana ankakhala, tizigamba ta dothi losalala totsatizana ngati mipando ya m'tchalitchi. Ndinaima pa simentipo, pamene sindinkaloledwa kuima popanda wondiyang'anira. Ndinatulutsa foni kuti ndione nthawi, ndipo ndinapeza ikufufuza yokha, kachizindikiro kakuzungulira, kufuna OSAKHUDZA. Inazungulira, inazungulira. Sinaume. Itaona kuti palibe woyankha inasiya, n'kutembenukira ku simu yanga.